Tinjinga tamoto takale: tigule tenitenito kapena tatsopano topangidwa motengera?

WakuLuton
Abale, ndithandizeni maganizo. Mdala wina amene timagwira naye ntchito kuno akugulitsa kanjinga kamoto ka Honda Z50A, tija amati Monkey kapena Mini Trail, ka chaka cha 1971. Kakhala m'galaja zaka zambiri. Thanki yachita dzimbiri mkati, chishalo chang'ambika, injini ikuzungulira ndithu ukaponda kiki koma sikulira, ndipo pepala lolembetsera njinga lija la V5C, lochokera ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto kuno ku UK, palibe. Ndalama imene akufuna ingagule ka Skyteam katsopano kofanana nako, chenji n'kutsala. Ka ku China ndingakwere mawa lomwe, koliza ndi batani. Ka Honda kandidyera ndalama ndi nthawi ndisanamve n'kulira kwake komwe.

Palinso china chandiwawa. Pa chionetsero cha njinga zakale chimene ndinapitako mwezi watha, mnyamata wina anabwera ndi kake ka ku China, kopukuta bwino, koma eni a Honda zenizeni anamuuza kuti akaimike kumapeto, kutali ndi zawo. Kodi n'chilungamo chimenecho? Munthu wokonda tinjinga timeneti koma thumba ndi lopyapyala alibe malo? Ndigule kati?

Sipanala_Ndirande
Gulani katsopano achimwene, muzikwera. Njinga anaipangira kuyenda.

MdalaZ50_Jozi
Ayi a Sipanala, musamufulumizitse mwanayu. A WakuLuton, khalani pansi mumve kaye chimene akukugulitsanicho. Tinjinga timeneti tinayambira pa malo osewerera ana otchedwa Tama Tech ku Japan m'chaka cha 1961, pamene a Honda anapanga ka Z100 koti alendo azikwera mozungulira bwalo. Anthu atakakonda, anayamba kupanga togulitsa: CZ100, kenako Z50M mu 1967, kenako Z50A mu 1968, kamene kanasefukira ku America ndi dzina loti Mini Trail. Mahandulo ake amapindika kuti kalowe m'buti ya galimoto, matayala ndi a mainchesi 8, injini ndi ya 49cc ya mtundu wa Super Cub, magiya atatu opanda kilatchi ya m'manja. Ngati kalidi ka 1971, kumbuyo kulibe mashoko, chifukwa mashoko akumbuyo anayamba mu 1972. Topanda mashoko kumbuyoto ndi timene osonkhanitsa amatifunafuna kwambiri.

Ndiye dziwani ichi: a Honda anasiya kupanga Monkey wa 50cc mu 2017 chifukwa cha malamulo a utsi ku Japan. Totsiriza 500 anachita kugulitsa mwa mayere, ofuna atachuluka kuposa njinga. Ka 1971 sikadzapangidwanso mpaka kalekale. Chaka chilichonse tina timapita kwa ogula zitsulo, tina timaola ndi mvula, totsalato tikuchepa. Ka Skyteam mukakafuna chaka chamawa mukakapeza, zaka zisanu zikubwerazi mukakapezanso, ndipo tsiku limene mwakatulutsa m'shopu mtengo wake wayamba kale kutsika. Ine ndili nato tiwiri, ka Z50A ndi ka Honda Dax ST70, ndipo ndikakhala nato m'galaja ndimaona ntchito ya manja a anthu amene anapanga zinthu zoti zikhale. Tengani ka Honda, ngakhale mukonze pang'onopang'ono zaka ziwiri.

KabazaWaPaMchesi
Ine nkhaniyi ikundipweteka mtima. Ife kuno njinga yamoto ndi munda wathu, tikudyera momwemo, ana akupita kusukulu ndi ndalama ya Lifo, njinga zija za Lifan. Inu mukukambirana zogula njinga yosalira n'kuiika m'galaja kuti muziiyang'ana? Komanso mukamanyoza za ku China muzikumbukira kuti popanda zimenezo anyamata ambiri a mu Lilongwe muno bwenzi alibe chochita.

WakuLuton
Pepani a Kabaza ngati zamveka choncho, sindikunyoza ntchito yanu ayi. Ine ndimagwira usiku kusamalira okalamba, ndipo ndikaweruka ndimafuna kanthu kogwiragwira ndi manja kuti mutu upume. Ena amapita ku mpira, ine mtima uli pa injini. Ndiponso funso langa likuikira kumbuyo za ku China zomwezo.

KabazaWaPaMchesi
Ndamva bwana. Bola tizilemekezana.

Sipanala_Ndirande
A Mdala, mbiri mwaifotokoza bwino, koma tiyeni tikambe za chitsulo chenichenicho, poti ine ndimatsegula injinizi tsiku ndi tsiku. Injini yogona ija ya Super Cub ndi imene makampani a ku Chongqing monga Lifan, Loncin ndi Zongshen anaitengera. Anaitengera ndendende moti injini ya Lifan ya 110 kapena 125 imalowa pa felemu ya Z50 kapena ya Dax pa mabawuti omwewo. Zoona, poyamba ntchito yawo inali yosalongosoka, ndipo a Lifan ankalemba dzina loti Hongda mpaka khoti la ku China linawaletsa mu 2004 a Honda atadandaula. Koma zimenezo ndi zaka makumi awiri zapitazo. Lero injini ya Lifan ukamaisinthira oyilo pa nthawi yake ndi kusetera mavavu, imanyamula munthu ndi matumba awiri a makala kuchokera ku Chileka mpaka m'tauni tsiku lililonse osadandaula.

Ka 1971 kali ndi magetsi a 6V, nyali yake usiku ndi yofooka, moto umachokera ku mapointi ofuna kupala ndi kusetera kawirikawiri. Katsopano kali ndi CDI (kabokosi kopereka moto popanda mapointi), magetsi a 12V, ena ali ndi buleki ya disiki kutsogolo. Munthu wogwira ntchito usiku, wotopa, amene akufuna Lamlungu masana akwere kamphepo kamuwombe, mukumuuza kuti athe zaka ziwiri akusaka kabuleta? Ine ndikuti ayi.

MdalaZ50_Jozi
Injini ndikuvomerezani, yakhwima masiku ano. Koma bwanji simukunena za zina zonse? Kromu wa ku China nyengo yozizira imodzi yokha ya ku England, ndi mchere umene amathira m'misewu uja, wayamba kale madontho. Mabawuti ake ndi ofewa, ukamanga kawiri mazinga atha. Malabala amang'aluka chaka chisanathe. Ka Honda kakhala zaka zoposa 50 ndipo a WakuLuton akuti injini ikuzungulirabe. Tidzaone ka Skyteam kakadzakwanitsa zaka 50.

Sipanala_Ndirande
Mabawuti ndi malabala ndi zotchipa, umasintha tsiku limodzi. Amene amadziwa amatero akangogula: kumasula, kupaka girisi, kuika mabawuti abwino, kutaya oyilo wobwera nayo, kusintha pulagi kuika ya NGK. Basi.

NaBanda_Leeds
Ndilowepo nanenso. Kwa ine vuto si kuti njinga yapangidwa ku China kapena ku Japan. Vuto ndi bodza. Alamu anga anagula kena pa intaneti atauzidwa kuti ndi ka Honda ka m'ma 1970 kokonzedwanso. Pathanki panali phiko la Honda, pachishalo palembedwa HONDA, ngakhale pachivundikiro cha injini. Atapita nako kwa makaniko wodziwa, anangoyang'ana nambala ya pafelemu n'kupukusa mutu. Kanali ka ku China kongomatidwa zizindikiro. Wogulitsayo foni anathimitsa. Ndalama ya miyezi ingapo inapita choncho.

Ndiye a WakuLuton, za mnyamata wa kuchionetsero uja, ine ndifunse: pathanki pake panalembedwa chiyani? Ngati panali dzina lenileni la njinga yake, amene anamuthamangitsawo analakwa kwambiri, ndipo ndi khalidwe lotere limene limathawitsa achinyamata pa zinthu zimenezi. Koma ngati anamata phiko la Honda, ndikuwamvetsa. Mwina iye sankafuna kunamiza munthu, koma njinga imasintha manja. Iye adzagulitsa kwa mnzake akunena zoona, mnzakeyo adzagulitsa kwa wina osanena kanthu, wachitatu ndi amene adzalire ngati alamu anga.

WakuLuton
Asisi, panali phiko la Honda ndithu. Koma iye ankauza aliyense womufunsa kuti ndi Skyteam.

NaBanda_Leeds
Ndiye amate chizindikiro cha Skyteam, akuchita nacho manyazi chifukwa chiyani?

Chitsulo_Chipata
Pa nkhani ya alamu a NaBanda, ndiike pano zoyang'ana kuti wina asadzapusitsidwenso. Choyamba nambala ya felemu, imene ili pakhosi pomwe pamalowa mafoloko. Pa Z50A imayamba ndi Z50A, kenako manambala, ndipo ya injini ili kumanzere m'munsi, imayamba ndi Z50AE. Musadabwe ziwirizi zikasiyana, a Honda sankazifananitsa ndendende, zimangoyenera kukhala za nyengo imodzi. Mukaona nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17, dziwani kuti si ya m'ma 1970, chifukwa dongosolo limenelo linakhazikika mu 1981. Ikayamba ndi L ndiye kuti ndi ya ku China, J ndi ya ku Japan. Pakhosipo pakaoneka kuti papalidwa ndi galainda kapena penti yake ndi yokhuthala mosiyana ndi pena ponse, bwererani kunyumba ndi ndalama yanu.

Kenako tizinthu ting'onoting'ono timene onyenga amachita nato ulesi. Kabuleta yeniyeni ndi ya Keihin. Magalasi a nyali amalembedwa Stanley. Mitu ya mabawuti ambiri akale a Honda ili ndi nambala 8. Masikuluwu ake ndi a muyezo wa ku Japan wa JIS, n'chifukwa chake ambiri mumawapeza mitu itaphwanyika, anthu ankamasula ndi sikuludiraiva ya Phillips imene sigwira bwino. Njinga ya zaka 50 imene sikuluwu yake iliyonse ili yosalala ngati ya dzulo, funsani mafunso ambiri.

MdalaZ50_Jozi
Zikomo a Chitsulo. Izi ndiye zofunika kuzisunga.

NyasaWaKuOhio
Kuno ku America mkanganowu ulipo koma uli ndi nkhope ina, chifukwa pano mawu oti minibike sayamba ndi Honda. Anthu kuno amakumbukira tinjinga ta felemu ya mapaipi, injini yoliza ndi chingwe, tcheni chimodzi, kilatchi yodzigwira yokha injini ikathamanga. Tina buleki yake inali kachitsulo kongokhuza tayala lakumbuyo. Tinatchuka m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1970: Taco ya a John Steen ku California, Bonanza ya ku San Jose, Lil Indian ya ku Michigan, ndi Rupp ya a Mickey Rupp ku Mansfield, m'chigawo chomwe ndikukhala chino. Rupp Roadster ndi Black Widow ya 1971 ndi zimene madala akuno amazilakalaka, ana awo atakula iwo n'kuyamba kusaka njinga imene ankaisirira ali ndi zaka khumi. Kampani ya Rupp inagwa mu 1978, pamene tinjinga ta ku Japan tokhala ndi magiya ndi mashoko enieni tinali titalanda kale msika.

Tsono taonani pamene pavuta. Zambiri mwa izi zinkayendera injini za Tecumseh kapena Briggs & Stratton. A Tecumseh anasiya kupanga injini zing'onozing'ono mu 2008. Munthu ukapeza felemu ya Rupp kuseri kwa khola la wina, injini inatha kalekale. Uchite bwanji? Ambiri amapita ku sitolo ya zipangizo ya Harbor Freight kukagula injini ya Predator 212, imene ndi yotengera Honda GX200, n'kuikapo. Osonkhanitsa enieni amati waiwononga. Koma popanda injini imeneyo felemuyo bwenzi ikuolabe kukhola.

Chinanso, dzina la Taco linadzukanso, ndipo pali mafelemu atsopano a Taco 22 opangidwa motsatira akale, ogulitsidwa poyera kuti ndi atsopano. A kampani ya Azusa nawonso amagulitsa zipangizo zoti umange wekha kanjinga ka maonekedwe akale. Bambo ndi mwana amamanga limodzi Loweruka m'galaja. Ine pamenepa sindionapo cholakwa ngakhale pang'ono. Felemu ya mapaipi opindidwa ndi kuwotcherera ilibe chinsinsi, wowotcherera waluso wa ku Ndirande angaipange. Chimene chimakweza mtengo wa yakale ndi mbiri yake basi.

KabazaWaPaMchesi
Akulu a ku Ohio, injini mukunenayo si ija timaiona pa mapampu othirira ndi pa majenereta?

NyasaWaKuOhio
Ndi yomweyo achimwene. Ya mtundu wa GX160 ndi GX200, thanki pamwamba, chingwe pambali. Imene ikupopa madzi ku dimba kwanuko ndi imene ikuyendetsa kanjinga katsopano ka Coleman CT200U kuno.

KabazaWaPaMchesi
Ndiye tikhoza kumapanga tokha kuno! Mapaipi alipo, owotcherera alipo, matayala a wilibala alipo.

Sipanala_Ndirande
Matayala a wilibala ayi, aise, mungaphe mwana wa eni. Sanapangidwire liwiro ndipo mabering'i ake amatentha. Zinazo n'zotheka, koma buleki ikhale yeniyeni.

NaBanda_Leeds
A Mdala, ndili ndi funso kwa inu, ndipo ndikufunsa mwaulemu. Tinene kuti a WakuLuton agula ka Honda kaja. Thanki yaola, agula yatsopano yopangidwa motengera. Chishalo chatsopano. Ekizozi yatsopano, poti zakale zimabooka. Mawaya, zingwe za buleki, malimu, zomata za pathanki, zonse zatsopano, ndipo zambiri mwa izo zimapangidwa ku Thailand, ku Taiwan kapena ku China komweko. Pisitoni ndi maling'i atsopano. Akamaliza, chatsala cha 1971 n'chiyani? Felemu ndi chigoba cha injini. Ndiye kamenekako mukakaimika kutsogolo pa chionetsero, ka mnyamata uja kumapeto?

MdalaZ50_Jozi
Mwafunsa pamene pamativutitsa tonse, mayi. Ndiyankhe mmene ine ndimachitira. Lamulo langa ndi loti chimene chingakonzeke sindichitaya. Thanki yadzimbiri imatsukika, ikabooka imawotchereredwa. Chishalo chimasokedwa chikopa chatsopano pa chitsulo chake chakale. Chimene chatheratu ndimayamba ndasaka chenicheni chimene chinatsala m'masitolo osagulidwa, zija amati NOS. A CMS ku Netherlands ndi a David Silver ku Suffolk amasunga zambiri zotere za Honda. Zikasowa kumeneko m'pamene ndimagula chotengera, ndipo chakale chija ndimachisunga m'bokosi, tsiku logulitsa njinga ndidzapereka bokosilo limodzi ndi mndandanda wa zonse zimene ndinasintha.

Ndikuvomera kuti popanda opanga zipangizo zotengera, theka la tinjinga takale timene tikuyenda lero bwenzi titaima. Sindidana nawo. Koma pali kusiyana pakati pa kuika chigamba pa chinthu chimene chinatuluka mufakitale ya Honda mu 1971, chimene mwana wina anaphunzirirapo kukwera n'kugwa nacho n'kudzuka, ndi chinthu chimene chabadwa chaka chatha chitavala zovala za mnzake. Felemu imeneyo ili ndi nambala, nambalayo ili ndi chaka, ndipo boma lenilenilo limaizindikira njinga ndi felemu.

NyasaWaKuOhio
Kuno zinthu zatembenuka pang'ono. Kale aliyense ankafuna yopentedwanso yonyezimira. Masiku ano ambiri akulipira bwino njinga imene ili ndi penti yake yoyamba, ngakhale yofwifwa ndi yokalika, kusiyana ndi yokonzedwa mopyola muyezo. Ndiye a WakuLuton mukagula musathamangire kupala penti.

MdalaZ50_Jozi
Zoona zimenezo. Ndipo kuti muone kuti anthu amagula mbiri: ka Z50A ka 1969 kamene woimba wa gulu la Beatles John Lennon ankakwera pa nyumba yake ya Tittenhurst Park kanagulitsidwa pa okushoni ku National Motorcycle Museum, pafupi ndi Birmingham, mu 2018 pa mtengo wa £57,500. Chitsulo chake n'chimodzimodzi ndi cha ka mdala wa ku Luton.

Sipanala_Ndirande
Apo ndiye mwandithandiza ine a Mdala. Ngati chitsulo n'chimodzimodzi, ndiye kuti ndalama yonseyo ndi ya dzina la munthu, si ya njinga. Ife osauka tigule njinga, dzina tiwasiyire olemera.

MwanaWaMlangizi
Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhaniyi yandikumbutsa bambo anga. Anali mlangizi wa zaulimi ku Ntchisi, ankayendera Yamaha AG100, ija ya keriya kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chotsekeredwa m'chikesi kuopa matope. Mudzi wonse unkadziwa kulira kwake, ana ankathamangira kumsewu. Atapuma ntchito inakhala pakhonde mpaka matayala anaphwa, ndipo atamwalira abale anaigulitsa kwa ogula zitsulo pa kilo. Ine ndinali kusukulu. Lero mutandipatsa njinga yatsopano yofanana nayo ndendende ndingathokoze, koma si imene ndikuifuna. Ndikufuna ija inali ndi chibowo pa madigadi pamene bambo anamangirira ndi waya. Choncho a Mdala ndikuwamva. Koma a Sipanala ndikuwamvanso, chifukwa bambo anga akanakhala moyo akanasankha imene ikulira m'mawa.

Chitsulo_Chipata
Pepani ndi za bambo. Kuno ku Eastern Province zinalinso zomwezo, alangizi ndi azaumoyo pa AG ndi pa Honda XL. Zambiri zinathera kwa ogula zitsulo.

KabazaWaPaMchesi
AG ija inali njinga. Utsi wake wa oyilo wa 2T unkanunkhira. Koma mafuta a masiku ano ingawakwanitse? Ine kabuleta ndimatsuka pafupipafupi.

Sipanala_Ndirande
Mafuta athu ndi osakaniza ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, kenako ya ku Chikwawa inawonjezera. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika nawo kwenikweni. Imene imavutika ndi yoimikidwa, chifukwa ethanol amakoka chinyezi, madziwo amakhala pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, komanso amaumitsa mapaipi akale a labala. Zanuzo a Kabaza mwina ndi fumbi ndi mafuta a m'zigubu, ikani kasefa pa paipi.

NaBanda_Leeds
Kuno anayamba petulo wa E10, wa ethanol wochulukirapo, mu 2021 ndipo eni njinga zakale analira kwambiri. Ambiri amagula E5 yodula ija, ya ethanol wochepa, ndipo akamaimika njinga nyengo yozizira amakhetsa kabuleta.

WoyanganiraGulu
Abale, za mafuta titsegulire nkhani yakeyake. Tibwerere ku funso la a WakuLuton.

Gorilla78
Palibe amene watchula njira yachitatu. A Honda eni ake anatulutsa Monkey 125 mu 2018, Dax ST125 mu 2022, ndi CT125 ya maonekedwe a Trail yakale. Dzina ndi lenileni, phiko pathanki ndi lovomerezeka, galanti ilipo, mafuta ndi a injekishoni, buleki ya ABS. Palibe angakuimike kumapeto.

MdalaZ50_Jozi
Ndi njinga yabwino, ndinaikwerapo. Koma si Monkey amene tikukamba pano. Imapangidwa ku Thailand pa maziko a njinga ina ya Honda yotchedwa Grom, matayala ndi a mainchesi 12, kulemera kupitirira makilogalamu 100, mahandulo sapindika. Ka Z50A sikafika makilogalamu 60, munthu mmodzi wamphamvu amakanyamula kuika m'galimoto. Chimene chinkakoma pa kakale ndi kuchepa kwakeko. Pa mfundo imeneyo ka Skyteam kali pafupi ndi koyambirira kusiyana ndi Monkey 125.

Gorilla78
Ndiye mwavomera kuti kotengera kaposa ka eni ake?

MdalaZ50_Jozi
Pa msinkhu pokha. Musandiikire mawu m'kamwa.

NaBanda_Leeds
A WakuLuton, musanapereke ndalama ganizirani za mapepala, poti mwati V5C palibe. Funsani kaye ngati kanalembetsedwapo kuno. Tambiri ta Z50A tinachita kubwera kuchokera ku America zaka za posachedwapa, ndipo totere timafuna umboni wa a msonkho a HMRC, uja wa NOVA wosonyeza kuti njinga inalowa m'dziko movomerezeka, musanapite ku DVLA. Mudzafunanso kalata yotsimikiza chaka chimene kanapangidwa, imene makalabu ngati Vintage Japanese Motorcycle Club amathandiza kupeza, kuti akupatseni nambala yogwirizana ndi zaka zake. Ubwino wake, njinga yopitirira zaka 40 ikalembetsedwa ngati yakale silipira msonkho wa pamsewu, sifunika MOT (kuyezedwa kwa chaka ndi chaka) ngati sinasinthidwe kwambiri, ndipo ULEZ, ndalama yolipiritsa magalimoto a utsi wambiri ku London, siikhudza. Izi ka Skyteam sikangazipeze. Koma mukaikamo injini ya Lifan 125 nkhani ya kusasinthidwa ija yasokonekera, ndipo a inshuwalansi muyenera kuwauza.

Ndiponso chonde, kopanda nambala musakakwere mumsewu, m'mbali mwa msewu kapena kupaki, ngakhale kuyesa chabe. Apolisi kuno amalanda. Ndipo ngati pakhomo pali ana, kachepa maonekedwe koma ekizozi yake imawotcha mwendo ngati ya njinga yaikulu. Chipewa nthawi zonse.

WakuLuton
Zikomo nonse. Ndawaimbira mdala aja. Akuti kanabweradi kuchokera ku America ndi mchimwene wawo, ndipo akukumbukira kuti pali envelopu ya mapepala a kasitomu penapake m'nyumba. Ndawauza kuti akaipeza, ndipo nambala ya pakhosi ikagwirizana ndi zimene a Chitsulo alemba, tikambirana mtengo. Ikasowa ndisiya. A Sipanala musakhumudwe, mtima wapendekera ku kakale.

Sipanala_Ndirande
Sindikhumudwa achimwene, ndalama ndi yanu. Koma musanagule tengani geji muyeze kompuresheni, ndipo muchotse pulagi muone ngati moto ukutuluka. Mukapeza zonse zilipo, mwina ndi kabuleta chabe yauma ndi mafuta akale. Musakakamize kuliza ndi thanki yadzimbiriyo, ikani kabotolo ka mafuta oyera pambali.

Gorilla78
Ine ndikadali pa mfundo yanga. Chaka chamawa nthawi ngati ino mudzakhala mukudikirabe phukusi la masipeya.

NyasaWaKuOhio
Kudikira phukusiko ena ndi kumene timakukonda, a Gorilla. Koma za mnyamata wa kuchionetsero zisathere m'malere. Kuno pa misonkhano ya tinjinga imene ndimapitako, Rupp ya 1970 ndi Coleman ya chaka chatha zimaima mzere umodzi, aliyense amangolemba pa kakhadi chaka, mtundu ndi injini. Mphotho ndi zimene amazigawa m'magulu, yakale yosasinthidwa payokha, yokonzedwanso payokha, yatsopano payokha. Anyamata obwera ndi zatsopanowo ndi amene mawa adzagule zakale madalawa akadzatopa. Ukawathamangitsa lero, njinga zako udzagulitsa kwa yani?

MdalaZ50_Jozi
Kakhadi ndagwirizana nako. Phiko la Honda pa thanki ya eni ndi limene sindidzagwirizana nalo.

MwanaWaMlangizi
A Sipanala, poti muli ku Ndirande, kodi kwa ogula zitsulo kumapezekabe mafelemu a njinga zakale? Sindikunena ya bambo, imeneyo inapita. Koma AG100 iliyonse, kapena Honda C70 zija ankakwera azibusa ndi aphunzitsi. Ndingakonde kupulumutsako imodzi.

Chitsulo_Chipata
Mukaipeza onetsetsani kuti mwini wake ali ndi bulu buku kapena kalata yogulitsirana, makamaka ngati inali ya boma kapena ya bungwe. Felemu yopanda mapepala ingakuikeni m'mavuto.

Sipanala_Ndirande
Zimapezeka mwa apo ndi apo, koma ambiri amafika atadula kale ndi galainda kuti zilowe m'thumba. Loweruka ndikazungulira kumeneko, ndikaona felemu yathunthu ndijambula nambala ndiponye pano. Amene akufuna adzayankhe tsiku lomwelo, chifukwa lole yonyamula zitsulo ikabwera sasankha.